Yezani Kaye Musanadule

A Rasiwan anayamba kusula zitsulo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo pamene izi zinkachitika anali atagwira nyundo kwa zaka makumi anayi ndi zinayi. Bambo awo ankasula miphika ya mkuwa yophikira mpunga m'kanjira kena ka ku Purbalingga, momwe nyumba iliyonse inali ndi chipala chake. Miphika ya kufakitale itadzaza m'misika, kanjira konse kanatembenukira ku maekizozi a magalimoto. A Rasiwan anaphunzira kung'amba migolo yakale ya mafuta, kuiwongola, kuipinda ndi kuiwotcherera, ndipo atafika zaka makumi atatu anali ndi chipala chawochawo komanso chizindikiro chawo: chilembo R ndi timadontho titatu pansi pake, chimene ankachikhomera pa ekizozi iliyonse yotuluka m'manja mwawo.

Ntchito yawo yeniyeni inali yosaoneka. Kunja ekizozi iliyonse imafanana ndi inzake, koma m'kati mwa yawo ankamangamo timakoma ta mabowo, kena kopendekera uku, kena uko, kuti utsi uzikhotakhota usanatuluke. Ankati galimoto iyenera kukhala ndi liwu, monga la munthu wamkulu amene akulankhula motsitsa koma nyumba yonse ikumumva, osati phokoso. N'chifukwa chake panalibe mawu amene ankadana nawo kuposa akuti brong. Limeneli ndi dzina la ekizozi yopanda kanthu m'kati, chipaipi chabe, chimene anyamata a njinga zamoto amaika kuti adzutse makanda ndi kubalalitsa nkhuku. Wobwera kudzapempha brong ankamulozera khomo mosanyengerera.

Akazi awo, a Sumirah, ankanena kuti makutu a amuna awo anayamba kufa kalekale. A Rasiwan ankakana. Ankati iwo akumva bwinobwino, kungoti anthu a masiku ano amalankhulira m'kamwa. Komabe amene ankawaonetsetsa akuyesa galimoto ankazindikira kuti sankatcheranso khutu ngati kale. Ankaika chikhatho pa chitseko, kutsinzina, n'kumamvera injini m'mafupa a mkono. Makasitomala ankati limenelo ndi luso la akatswiri. Mwina linalidi luso, koma silinali luso lokha.

Chosangalatsa chawo chinali chimodzi. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ankadzuka m'mawa, kupukuta galimoto yawo yakale ya makona ya mtundu wa Kijang, n'kupita ku tauni ya boma loyandikana ndi lawo kumene kunkakumana gulu la eni magalimoto akale. Ambiri mwa iwo anali anthu a imvi: aphunzitsi opuma ntchito, eni masitolo, dokotala wa mano mmodzi, ndi mlimi wa nsomba za m'madamu. Ankaimika magalimoto m'mphepete mwa bwalo lalikulu la pakati pa tauni, kutsegula maboneti, kumwa khofi ndi kukangana za mabawuti mpaka dzuwa litatentha. Pa magalimoto makumi awiri ndi atatu a gululo, khumi ndi asanu ndi awiri anali ndi chilembo R kunsi kwake, kuphatikizapo Kijang yawoyo.

Chaka chimenecho apolisi a m'tauniyo anatulutsa kalata yoletsa magalimoto opitirira asanu kusonkhana pamsewu kapena kuyenda pa mdipiti popanda chilolezo, ndiponso yolamula kulanda ekizozi iliyonse yopyola malire a phokoso. Chifukwa chinalipo, ndipo sichinali chabodza: anthu okhala pafupi ndi chipatala anali atatopa ndi njinga zamoto. Koma kalatayo sinasiyanitse njinga ya mnyamata wothamanga ndi galimoto ya munthu wodwala nyamakazi. Mlembi wa gulu, a Endarwati, amene anaphunzitsa masamu ku sekondale kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, analemba kupempha chilolezo katatu. Katatu konse anayankhidwa kuti pempho lawo likuunikidwa. Pamapeto pake gulu linagwirizana zosiya bwalo la boma n'kumakumana kuseri kwa malo odyera a mlamu wake wa mmodzi wa iwo, pa malo a mwini, ndipo aliyense azifika payekha.

Tsiku loyamba kukumana kumeneko, apolisi anafika khofi asanazizire. Anali ndi galimoto ziwiri, ndipo pambuyo pawo pankabwera mtolankhani ndi kamera. Mkulu wawo, Insipekitala Hendratmo wa apolisi a pamsewu, anali munthu wa zaka za m'ma makumi atatu, waulemu, wooneka kuti walamulidwa kubwerera ndi chinthu chooneka ndi maso. Sanakangane ndi munthu za malo a mwini. Anangoti onse amutsatire ku polisi, ndipo magalimoto makumi awiri ndi atatu anayenda mondondozana kudutsa pakati pa tauni, wapolisi kutsogolo, wapolisi kumbuyo.

Atatsika m'bwalo la polisi, Koh Bing, mwini sitolo ya utoto amene ankayendetsa Holden yobiriwira, anaomba m'manja. Kumeneko bambo amamuitana mwaulemu kuti Pak, mayi kuti Bu, ndipo munthu womulemekeza ngati mchimwene wamkulu kuti Kang.

"Zikomo kwambiri, Pak! Chaka chonse takhala tikupempha mdipiti. Lero mwatipatsa, ndi otiperekeza omwe."

Insipekitala sanaseke. Anaika mulu wa mapepala pa tebulo limene linali pansi pa mtengo wa mango, n'kufotokoza mwachidule. Aliyense asaine kuti ekizozi yake ndi brong, apolisi aichotse, mwini galimoto azipita kwawo. Lolemba m'mawa maekizozi onse adzayalidwa pamaso pa atolankhani ndi kudulidwa ndi makina.

A Rasiwan sanamve mawu onse, koma a Endarwati atawabwerezera pafupi ndi khutu, anamvetsa kuposa wina aliyense. Anaona m'maganizo mwawo maekizozi khumi ndi asanu ndi awiri atagonekedwa pa tebulo, chilembo R chikuwala pa iliyonse, pamwamba pake chinsalu cholembedwa brong, ndipo chithunzi chimenecho chikuyenda m'mafoni kuchokera ku mzinda wa Semarang mpaka ku mzinda wa Bandung. Zaka makumi anayi ndi zinayi za kukana brong zikanathera pa tebulo limenelo. Anadutsa pakati pa anzawo n'kukaima patsogolo.

"Pak Insipekitala, mwayeza?"

"Ndamva ndi makutu anga, Pak. Ndinali kutsogolo kwanu njira yonse."

"Makutu anuwo ali ndi manambala?"

Wapolisi wina wamng'ono anabisa pakamwa ndi chipewa. Insipekitala anawayang'ana a Rasiwan kuyambira ku nsapato zawo za matayala mpaka ku zipsera za moto pa mikono.

"Makina oyezera ali ku likulu la chigawo, ndipo lero ndi Lamlungu."

"Ndiye kuti lero makutu a boma ali patchuthi. Palibe vuto. Ife ndi nkhalamba, kudikira timakudziwa."

A Endarwati anatsegula chikwama chawo cha m'manja n'kutulutsa kalata ya apolisi yomwe ija, itapindidwa panayi, mawu ena atalembedwa mzere wofiira kunsi kwake.

"Mwana wanga," anatero, "kalata yanu ikuti 'yopyola malire'. Ine ndaphunzitsa masamu mpaka tsitsi kuyera, koma sindinaonepo chinthu chikupyola malire asanachiyeze. Mukandionetsa lero, ndikapepesa kwa ana onse amene ndinawalepheretsa mayeso."

"Bu, ine sindikukangana nanu. Ndikungotsatira malangizo."

"Ifenso. Malangizo anu omwewa."

Gulu silinali logwirizana monga mmene ena amafotokozera masiku ano akamakamba za tsikulo. Ambiri ankayang'ana mawotchi awo, ndipo dokotala wa mano anali atatulutsa kale cholembera. Woyamba kugonja anali Koh Bing, yemwe uja wa nthabwala.

"Kang Rasiwan, mundikhululukire," anatero akusaina. "Mdzukulu wa mkazi wanga akumetedwa tsitsi loyamba lero masana. Ndikachedwa, chimene ndikakumane nacho kunyumba ndi choopsa kuposa polisi yonseyi."

"Saina, Koh. Dzanja ndi lako. Koma dzina limene ukugulitsa pamenepo ndi langa."

Apolisi awiri anagona chagada kunsi kwa Holden ndi masipanala. A Rasiwan anatembenukira kumbali kuti asaone mmene ankakokera mabawuti. Patapita mphindi makumi awiri, ekizozi inatuluka n'kuponyedwa pa simenti. Koh Bing analowa m'galimoto, anatsazika ndi dzanja, n'kutembenuza kiyi.

Chimene chinatuluka kunsi kwa Holden chinamveka ngati mfuti zambiri zikuwombedwa m'mgolo. Nkhunda zinathawa padenga. Magalasi a mawindo a ofesi ananjenjemera. Wapolisi amene ankatuluka ndi khofi anamutayira pa buluku lake, ndipo mwana wa mayi wina amene anabwera kudzadandaula za foni yobedwa anayamba kulira. Ngakhale a Rasiwan anatseka khutu limodzi.

"Zimitsani! Zimitsani!" anakuwa Insipekitala.

Koh Bing anazimitsa n'kusuzumira pa windo. "Nanga ndipita bwanji, Pak? Ndiisenze pamutu?"

A Rasiwan anadikira mpaka nkhunda zitakhazikika.

"Mwamva, Pak? Imeneyo ndiyo brong. Simunaipeze kwa ife. Mwaipanga nokha, ndi sipanala ya boma. Mukufuna mupange zina makumi awiri ndi ziwiri, kenaka muzitulutse zonse zidutse pa chipatala?"

Apa ndi pamene dokotala wa mano anabweza cholembera m'thumba. Njira imene apolisi ankagwiritsa ntchito anaizolowera pa njinga zamoto, zimene mwini wake amazikankha kapena kuzikweza pa lole. Palibe amene anaganiza kuti galimoto ya injini yaikulu siikankhika kuchoka boma lina kufika boma lina. Insipekitala anaona yekha pamene waima. Akachotsa maekizozi, magalimoto sangatuluke popanda kuswa lamulo limene iye akuliteteza. Akapanda kuchotsa, ayenera kuwamasula pamaso pa mtolankhani amene anamuitana yekha. Analowa mu ofesi ndi foni pakhutu ndipo anakhalamo nthawi yaitali.

Panja, mlimi wa nsomba anatsegula boneti ya galimoto yake, akuti injini ipume. Wina anatsegula yake. Posakhalitsa maboneti onse anali m'mwamba, ndipo mkangano wa mabawuti umene unadukizidwa m'mawa unapitirira pamene unalekera. Mayi amene ankagulitsa pa geti tempe, chakudya cha soya chokazinga, anasuntha chiwaya chake n'kulowa m'kati. Nthawi ya mapemphero a masana, apolisi ndi ogwidwa anavula nsapato pa khomo limodzi la kamzikiti ka papolisi, ndipo potuluka wapolisi wa khofi uja anapempha Koh Bing kuti amujambule ataima pafupi ndi Holden.

A Sumirah anafika pa minibasi ndi mpunga wokulunga m'masamba a nthochi komanso mankhwala a amuna awo a kuthamanga kwa magazi.

"Ndamva kuti mwamangidwa," anatero.

"Sitinamangidwe. Tikuphunzitsa."

"Imwani mankhwala kaye, aphunzitsi."

Makina anafika cha m'ma 2 koloko, atanyamulidwa ndi wapolisi wamkazi pa njinga yamoto. Kanali kachipangizo kokwana m'dzanja, kokhala ndi kampira kakuda kumutu kwake ndi kagalasi koonetsa manambala. Wapolisiyo ankaidziwa ntchito yake. Anafotokoza kuti kachipangizoko kaikidwa theka la mita kuchokera pakamwa pa ekizozi, chapambali pang'ono, ndipo woyendetsa aponde mafuta mpaka pa mlingo umodzi kwa onse. A Endarwati anatulutsa tepi yosokera m'chikwama muja n'kunena kuti theka la mita aziyeza iwo. A Rasiwan anagona kunsi kwa Holden n'kubwezera ekizozi ya Koh Bing ndi manja awo, osalankhula naye.

"Yanga ikhale yomaliza," anauza wapolisi wamkaziyo. "Ekizozi yake ndinaisula popanda wondifulumizitsa."

Anayamba ndi magalimoto asanu ndi limodzi amene maekizozi ake anagulidwa kwina. Anayi anapambana. Awiri anapyola malire kwambiri, ndipo eni ake anasaina mwakachetechete, mmodzi wa iwo atanena kale m'mawa kuti apolisi ndi abodza. Kenaka anafika pa a chilembo R. Corolla yoyera ya a Endarwati inapambana. Galimoto ya dokotala wa mano inapambana. Holden ya Koh Bing inapambana ndi mpata waukulu, ndipo iye anapempha kuti amubwezere pepala lake, n'kuling'amba pamaso pa Insipekitala ndi ulemu wonse. Wapolisi wamkazi ankatchula nambala, a Endarwati ankaibwereza mokweza, ndipo mtolankhani, amene anabwera kudzajambula chinthu china, ankajambula chimenechi. Pofika pa galimoto ya khumi ndi chisanu ndi chimodzi, a Rasiwan anali atakhala pa mpando wa pulasitiki, mwendo pamwamba pa unzake, akudya tempe.

Itafika nthawi yawo, anakwera mu Kijang, anailiza, anaika chikhatho pa chitseko, n'kuponda mafuta. M'mkono mwawo inamveka monga mmene inkamvekera nthawi zonse: yakuya, yosalala, yopanda chotsutsa. Anazimitsa n'kutsika akumwetulira. Palibe amene anaomba m'manja.

"Yapyola ndi ziwiri," anatero wapolisi wamkazi.

"Akuti chiyani?"

A Endarwati anayandikira. "Akuti yapyola, Kang. Ndi ziwiri."

"Bwerezani. Kunawomba mphepo."

Kunalibe mphepo, koma anabwereza. A Endarwati anayezanso theka la mita, anavala magalasi, n'kuwerenga okha manambala. Anawapeza omwewo.

A Rasiwan anayang'ana akazi awo. A Sumirah ankapinda masamba a nthochi.

"Ndakhala ndikukuuzani chiyambire chaka chatha," anatero mokweza. "Ndimakumvani mukadali pa mlatho. Nkhuku za a neba zimadziwa kuti mukubwera."

"Simunanenepo zimenezo."

"Ndinanena. Patebulo, pakhonde, mu Kijang momwemo. Inu munkangogwedeza mutu."

Chimene chinachitika n'chosavuta kuchimvetsa. Maekizozi a makasitomala ankawasula motsatira miyeso yakale imene inali m'manja mwawo, ndipo mwini galimoto akanadandaula akanamva chachilendo. Yawoyo ankaikonzakonza madzulo alionse opanda ntchito, kukulitsa bowo apa, kuchotsa kakhoma apo, kufunafuna liwu limene ankalikumbukira koma limene linkawatalikira chaka ndi chaka. Ankaganiza kuti ekizozi ikufooka. Chimene chinkafooka chinali china.

Insipekitala Hendratmo anawakokera pambali, kuseri kwa mtengo wa mango. Tsiku linali litamuwonongekera kale, ndipo sankafuna kulimaliza ndi kulanga nkhalamba pamaso pa anzake.

"Pak Rasiwan, ziwiri si kanthu. Kwerani muzipita. Sindilemba."

Anayenera kubwereza kawiri. A Rasiwan atamva, nkhope yawo inafiira kuposa mmene inafiirira atamva za ziwiri zija.

"Simulemba? Ndakhala pano kuyambira m'mawa kufuna chiyani? Chifundo chanu?" Anabwerera ku tebulo kuti onse amve. "Mukandimasula ine popanda kulemba, mawa anthu adzati khumi ndi asanu ndi limodzi aja anapambananso chifukwa Insipekitala anali wachifundo. Sanapambane ndi chifundo. Anayezedwa. Inenso ndayezedwa. Lembani."

"Kang, munthu akukupatsani njira," ananong'oneza Koh Bing.

"Iwe khala chete, wosaina msanga iwe."

Insipekitala anakhala pansi, anatenga pepala limodzi pa mulu uja n'kulemba dzina ndi nambala ya galimoto. A Rasiwan anavala magalasi a a Endarwati, anawerenga pang'onopang'ono, n'kuika chala pa mzere wachitatu.

"Ichi ayi."

"Ndi mmene mapepala anasindikizidwira, Pak. Onse amati brong."

"Brong ilibe kanthu m'kati. Yanga ili ndi timakoma tinayi. Ngati mukukayika, ndibwerekeni sowo ndikutsegulireni pompano. Fufutani mawu amenewo, mulembe chimene makina anena."

Insipekitala anayang'ana wapolisi wamkazi. Iye anakweza mapewa. Mtolankhani anali atasendera pafupi. Cholembera chinayenda pa mawu aja kawiri, ndipo pamwamba pake panalembedwa ndi dzanja kuti: yapyola malire ndi ziwiri. A Rasiwan anasaina. Anakana kulipira pomwepo, nati akaonekera ku khoti pa tsiku lake, ndipo ekizoziyo, pokhala umboni wa mlandu umene sunazengedwe, isayandikire makina odulira. Anaimasula okha ndi sipanala yawo, anaikulunga m'nyuzipepala, n'kuipereka ndi manja awiri.

A Endarwati anabweza Corolla yawo chambuyo, ndipo mlimi wa nsomba anamanga chingwe pakati pa magalimoto awiriwo, pakuti a Rasiwan analumbira kuti Kijang siilira popanda ekizozi ngakhale kwa mphindi imodzi. A Sumirah anali atakhala kale m'kati. Koma amuna awo sanakwere. Anapita kwa wapolisi wamkazi, amene ankabwezera kachipangizo kaja m'bokosi.

"Mwana wanga, taonetsa kaye."

Anakatembenuza, anapeza dzina lake ndi nambala yake kunsi, n'kuzikopera chilembo chimodzichimodzi kuseri kwa pepala la mlandu wawo.

"Mukufuna kukasuma kuti makina ndi olakwika?" anafunsa Insipekitala motopa.

"Ayi. Ndikufuna kanga. Mwezi wamawa tidzakumana kuseri kwa malo odyera komwe kuja, Lamlungu loyamba. Mudzabwere ndi kanu, tidzaziike pamodzi."